Chiuli ndi Nyerere Zomulondalonda

Padangokhalatu Chiuli, mkulu wokonda uchi. Chaka china ludzu lidamukakamira, maso n'kuyamba kuchita chidima. Akapita kuthengo kukataya madzi, Nyerere zinkaunjikana pomwepo.

"Mukundilondalonda chifukwa chiyani, tizilombo inu?" adakalipa Chiuli.

Nyerere yaikulu idati, "Pepani achimwene, mkodzo wanu ukutsekemera. Ameneyu ndi shuga, pitani akakupimeni. A Njati adatinyoza chomwechi, lero ali kumanda."

Chiuli adati atukwane, koma adakumbukira kuti Njatiyo adamuika m'manda ndi iyeyo. Adakapimitsa, nayamba kumwa mankhwala, maso n'kuyeranso.

Mpaka lero akafula njuchi amangolawa pang'ono, zisa n'kusiyira Nyerere.

"Idyani abale anga," amatero. "Anzanga ankangondiyamikira kunenepa, inu nokha mudandiuza zoona."