Tulo ta Mayi Evelina

"Kokani mpweya, mayi, muutulutse pang'onopang'ono," anatero dokotala wa maganizo, mmwenye wa ku Limbe amene ankachiza anthu ndi yoga komanso kucheza nawo.

Mayi Evelina a ku Bangwe anali atapinda miyendo pamkeka, mawondo akuwawa. Inali nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo panali patatha miyezi itatu asakuona tulo.

"Adokotala, ndasiya ana asanu okhaokha, zovala ndangonyika. Zopindapindazi zitha liti?"

"Zatha. Tsopano nenani zakukhosi, ine ndizilemba. Kulankhula kumachiza."

"Kumachiza? Amuna anga anadandaula m'basi zokakamizidwa kugula makadi a chipani. Apolisi anawatenga mu Epulo, komwe ali sindikudziwa."

Dokotala anasuzumira pazenera kuopa kuti wina wamva, kenako anang'amba pepala lonse limene ankalembapo.

"Mayi, vuto lanu ndi malungo. Sabata yamawa musabwere."