Pilotu ndi Mpunga wa Ukwati wa Warda

Panali munthu wina ku Meluluca, dzina lake Tomé, wamakani osati masewera. Amene anandiuza nkhaniyi anaona ndi maso ake. Tomé analibe ukonde ngakhale bwato. Ankagwira ntchito pa boti la a Ussene, Msilamu woyandikana naye nyumba, ndipo ana a Tomé ankadya za m'boti limenelo basi.

Tsiku lina mlamu wake Carlos anabwera kuchokera ku Lichinga ndi kagalu dzina lake Pilotu, pamodzi ndi gayola, kakhola ka waya kokhala ndi chitseko.

"Kunyadu, mlamu wanga, muzimupatsira chakudya m'menemu, azigonanso momwemu," anatero Carlos. "Akazolowera akadali mwana, aziyesa nyumba yake. Kukabwera alendo mungotseka, zatha."

"Galu si nkhuku," anayankha Tomé uku akuseka. "Zimenezo ndi za ku sidadi, kutauni kwanuko."

Carlos atangobwerera kwawo, Tomé anayala udzu m'gayolamo n'kuikamo nkhuku yofungatira mazira. Anthu ena inu!

Pilotu anakula wosamva. Ankatafuna zingwe, kugwetsa usipa pathandala, kulowa m'makhitchini a eni ngati walipira lendi. Mayi Shufaa, akazi awo a Ussene, anabwera mwaulemu.

"A Tomé, kwa ife galu akanyambita chiwiya ndi najisi, chadetsedwa, mpaka titsuke ndi dothi. Sabadu, Loweruka likudzali, kuli ukwati wa mwana wathu Warda. Chonde mum'tsekere."

"Musadandaule mama, Pilotu amandimvera ine."

Kumumvera kwake kuti? Galu woti ngakhale dzina lake sankalidziwa!

Loweruka m'mawa, mkazi wake atamuvutitsa, Tomé anatulutsa nkhuku ija n'kukankhiramo galu mwankhondo. Pilotu anali asanalowemo chibadwire, ndiye analira ngati akumupha.

"Mwaona? Ndinanena ine kuti safuna," anatero Tomé.

Anatsegula, n'kumumangirira pamtengo wa mango ndi chingwe chakale cha ukonde. Inde, mtundu womwewo wa chingwe chimene galuyo ankatafuna tsiku ndi tsiku. Kenako anavala malaya oyera n'kukakhala kutsogolo kuukwati.

Shehe akumaliza mapemphero, kuseri kunamveka kukuwa kwa amayi. Pilotu anali atalowetsa mutu wonse m'sufuliya yaikulu ya mpunga wa nyama ya mbuzi, sufuliya inanso atanyambitamo kale. Chakudya chonse chinatayidwa. Akuchimuna, amene anachokera ku Nkholongue, anamwa tiyi ndi chinangwa pa ukwati wa mwana wawo. Warda analira mpaka maso kutupa, mayi ake akukwecha masufuliya ndi dothi alendo akuona.

Nanga galu uja, atamuthamangitsa ndi miyala, anathawira kuti? M'gayola momwemo! Anakamupeza atadzipinda pakona, ali phee, chitseko chili chotsegula. Galu anadziwa ntchito ya gayola mbuye wake asanaidziwe.

Tomé anapita kukagwada kwa a Ussene. "Disikulupa, patarau, pepani bwana. Ndi nyama, ilibe nzeru."

A Ussene sanalalate. "Galuyo sindikumuimba mlandu. Ife tinapempha inu, kanthu kamodzi kokha. Munthu wolephera kutseka kachitseko ka galu, ndimusiyire ukonde wanga pakati pa nyanja?"

Lolemba boti linanyamuka, pamalo pa Tomé patakhala munthu wina. Lero Pilotu amadyera m'gayola, amagona momwemo, ndipo alendo akabwera amalowa yekha. Mbuye wake ndiye amangoima pagombe, kupempha ndiwo kwa anzake amene ankakoka nawo ukonde.

Phunziro: Gayola si ndende, ndi chipinda cha galu. Muzoloweretseni akadali wamng'ono, ndi chakudya ndi mawu abwino, osati kumukankhiramo tsiku la ukwati wa eni. Galu ndi wanu, koma mbale za anansi si zanu. Tumizirani onse oweta agalu, makamaka aja amati "wanga amandimvera".