Tebulo Logwedera la a Poyera

Tebulo linagwedera a Poyera atangoikapo maenvulopu asanu ndi awiri, tiyi n'kutayikira m'sosala. Tebulolo analumikiza okha osayang'ana malangizo, poti mwamuna wodziwa zinthu sawerenga timapepala. Akazi awo, amene amawerenga chilichonse ngakhale zolemba pabotolo la mankhwala a chifuwa, anatola timapepala tingapo pamulu wa zochokera ku positi, anatipinda kanayi n'kutilowetsa kunsi kwa mwendo waufupi. Tebulo linaima nji.

"Mwaonatu," anatero a Poyera pouza banja lonse. "Mkazi ndi ameneyu."

A Poyera anali wometa tsitsi, ndipo dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa aliyense wokhala pampando wawo ankametedwa akumva ulaliki umodzimodzi: chinsinsi n'cha akuba. Munthu wa mtima woyera avoterenji kuseri kwa katani ngati akusintha kabudula? Pachisankho chapitacho anaimira ukhansala, ndipo m'bokosi la mumsewu wawo anapezamo mavoti anayi, pamene m'nyumba mwawo mokha munali ovota asanu ndi awiri. Zaka zisanu zathunthu akhala akudya ndi anthu atatu owapereka, osawadziwa. Kunena zoona, zinkawapweteka.

Pofuna kuchiza matendawa, anazula zitseko zonse za m'nyumbamo. Chinatsala cha kubafa chokha, ndipo nachonso anachilonjeza pamsonkhano: tsiku lopambana, chichoka, anthu aone kuti khansala amayambira kwawo. Akazi awo anali mumzere woyamba, anaomba m'manja kuposa aliyense.

Chaka chino zinthu zinawayendera. Khansala wakale anali atatopetsa anthu mpaka wometa ankamveka wanzeru. Chokoma koposa, aliyense ankavota kudzera pa positi, ali kunyumba kwake. Katani kulibe, kachipinda kulibe. Kunali tebulo, cholembera, ndi maso a bambo wa pakhomo.

Ana atatu anachonga mofulumira. Azakhali anachonga atafunsa kawiri ngati nkhope ya pachithunzipo inalidi ya mphwawo. Kenako inafika nthawi ya mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, dalaivala wa basi amene a Poyera ankamukayikira kuyambira tsiku la ukwati. Mlamuyo anaphimba pepala ndi chigongono.

"Alamu, ndingakachongere kubafa?"

"Chigongono chichoke, alamu. Pano timachonga dzuwa likuona."

Mlamu anachonga akuusa moyo, ndipo a Poyera anaunika pepalalo pawindo kuti atsimikize. Onse asanu ndi awiri anali awo. Komabe mtima sunakhazikike. Mapepalawa akakalowa m'bokosi, adzasiyana bwanji ndi a anthu amantha ovota mobisa? Ulemu wonse wa poyera ukathera pakhomo la positi.

Akazi awo anatsokomola pang'ono. "Bambo, ine sindidziwa zandale. Koma mmesa mumaphunzitsa kuti wosabisa kanthu sabisanso dzina? Bwanji aliyense alembe lake pansi pa votiyo?"

Asanayankhidwe, anatulutsa cholembera chawo chofiira, chimene sabwereka munthu, n'kulemba dzina lawo lonse ndi zilembo zikuluzikulu, la kwa makolo awo lomwe. A Poyera misozi inalengeza. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali ndi mkazi wotere, iwo n'kumataya nthawi kufuna nzeru kumisonkhano. Analemba lawo, n'kuwonjezera nambala ya nyumba. Mlamu analemba monyinyirika, zimene a Poyera anazisunga mumtima.

Masana omwewo anaimbira foni owatsatira onse, ndipo m'mawa mwake lamulo linapitirira kometera. Panalibe wotsutsa, poti munthu wokugwira lumo pakhosi sabwezedwa mawu. Ena anasainira, ena anadinda chala, wogulitsa nsapato anamatirapo chithunzi chake cha paukwati. A Poyera anawerengera m'mutu anthu oposa mazana atatu, onse odziwika ndi mayina.

Patatha sabata, banja linakhalanso patebulo lomwelo, wailesi ili pakati. A Poyera anavala jekete, m'thumba muli sikuludilaiva yodikira chitseko cha kubafa. Muulutsi anatchula khansala wakale: mavoti mazana awiri ndi khumi. Anatchula mphunzitsi wina wopuma ntchito: makumi anayi. Anatchula wometa tsitsi n'kunena kuti palibe.

"Palibe chiyani?" a Poyera anafunsa wailesi.

Kale anapeza anayi, lero ngakhale yawo yomwe inawathawa. Anatembenukira mlamu pang'onopang'ono. Basi yake imadutsa pa positi kawiri patsiku, ndipo munthu wophimba pepala ndi chigongono angalephere kubisa thumba la makalata?

"Ndinu, alamu."

"Ine ndachita chiyani? Munaunika nokha pawindo."

Akazi awo ananyamuka mwakachetechete, thaulo lili paphewa. A Poyera anamenya tebulo ndi chibakera, timapepala topinda tija tinafwamphuka n'kugwera paphazi pawo. Pofuna pothawitsira maso, anatola kamodzi n'kukafunyulula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anawerenga malangizo.

"Voti yolembedwa dzina kapena chizindikiro chilichonse cha mwini wake sidzawerengedwa." Mzerewo unali utadulidwa kunsi kawiri ndi inki yofiira. Kubafa, loko analira kuti khetye.