Mipeni ya Linus

"Alamu, ndinu mbava! Mipeni yanga ili kuti?"

Linus anakuwa chikwama chikadali paphewa. Anali atangofika kwawo ku Bembeke kuchokera ku Lilongwe komwe anakagulitsa mbatatesi, foni itathima kuyambira dzulo lake. Polowa m'nyumba, maso ake anafikira pa kabati yagalasi. Inali yasa! Loko wothyoka akulendewera. M'katimo munangotsala nsalu yofiira yoyalapo.

Pampando wa pambali pa kabatiyo panakhala Dalton, mlongo wa mkazi wake Hellen, mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto. Dzanja lake lamanja linali lokulunga ndi kansalu konyowa magazi. Anangozyolika.

Mipeni imeneyi sinali yosendera mbatatesi ayi. Inali yopinda, yakalekale, ya zigwiriro za fupa zomwe zinachita chikasu ndi thukuta la anthu omwe anagona kale. Yambiri inabwera m'matumba mwa madoda ochokera ku migodi ya ku Joni. Mpeni wina anaupeza kwa nkhalamba yomwe inkaphikira ansembe akale. Wina anachita kuutsatira pa njinga yopalasa mpaka tsidya la malire ku Mozambique, mvula ikumuthira. Lamlungu akachoka ku Misa, anzake akulowera ku bawo, iye ankaitulutsa umodziumodzi, kuipukuta ndi mafuta a makina osokera, kuitsegula ndi kuitseka kuti amve kaphokoso kake. Anthu ankamuseka, iye analibe nazo ntchito. Samamwa, samasuta, samaba za munthu. Chake chinali chimenechi basi.

Ndipo woseka kwambiri anali Dalton yemweyu. "Alamu, mafupa a ng'ombe mukuwasunga ngati a oyera mtima? Tapatseni ine, azungu obwera ku Dedza aja angalimbirane."

Ndiye lero loko wothyoka, dzanja lamagazi, mutu pansi. Umboni wina wotani?

"Ndikulankhula ndi inu!" Linus anaponya chikwama pansi. "Munabwera pano ndi kajumbo kokha. Ndinakupatsani chipinda. Bulangete lomwe mumafunda ndi langa. Ndikangotembenuka msana tsiku limodzi, mwandithyolera kabati? Chilungamo chake ndi chimenechi?"

Dalton anangoyang'ana dzanja lake lamagazi lija.

Linus anamugwira pakolala n'kumuimiritsa. Mnyamatayo anali lende ngati thumba lopanda kanthu, osadziteteza n'komwe. Zimenezi zinangomuwonjezera ukali. Anamukankhira pampando n'kuthamangira kuseri kwa chitseko komwe ankaimika chikwanje. Kunalibe. Nkhwangwa, palibe. Analowa kukhitchini, anagwedeza mbale zonse, ngakhale kampeni kobuntha kodulira tomato kanali katapita.

"Ha! Mbava yosesa! Mpaka kampeni ka tomato?"

Pobwerera pabalaza anapeza pakhomo padzaza anthu oyandikana nawo, azibambo kutsogolo, azimayi kumbuyo atafunda zitenje chifukwa cha chisanu. Linus anawayang'ana ndi diso lofiira. Anthu awa! Kabati ikuthyoledwa masanasana anali kuti? Pano ndiye abwera kudzaonera filimu yaulere.

"Hellen ali kuti?" anafunsa.

Anthuwo anangoyang'anana.

"Wathawa manyazi eti? Magazi ndi magazi, wabisa mlongo wake. Chabwino. Ine sindimenya munthu lero. Tikupita ku polisi, akafotokoze komweko yemwe wamugulitsa. Mpeni uliwonse ubwerera pansalu iyi, apo ayi m'nyumba muno asadzapondemonso, iye ndi mlongo wakeyo."

Anthu anapatuka, ndipo analowa a Falesi, azakhali ake, omwe anamulera bambo ake atamwalira. Anali wefuwefu, mpango utapendekeka.

"Linus, khala pansi."

"Sindikhala, azakhali! Mwabwera kudzamuikira kumbuyo nanunso? Nthawi zonse wolakwa ndi ine chifukwa ndimakweza mawu. Wakuba akangokhala chete ndiye wasanduka mngelo?"

"Ndati khala pansi, mwana wanga."

"Ayi! Nkhani ithere pompano. Itanani Pilira. Akaweruka kusukulu amakhala pakhomo pano, waona zonse. Mwana wanga sanama, sanandinamizepo chibadwire. Abwere anene pamaso pa anthu onsewa yemwe wathyola loko uyu."

Dalton anatulutsa kamawu ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, n'kugwetsa nkhope m'manja.

"Mwaona? Mwaona? Wangomva dzina la mboni wayamba kale kulira!"

A Falesi anacheukira azibambo aja n'kugwedeza mutu. Awiri analowa mwakachetechete, ananyamula tebulo n'kutuluka nalo. Ena anatsatira ndi mipando.

"Tsopano mukutenganso katundu wanga ine ndili pompano?"

Azakhaliwo anamugwira manja onse awiri, mwamphamvu, monga ankachitira ali mwana.

"Loko ndathyola ndine. Mipeni yako yonse ili kwanga, ndi chikwanje chomwe, palibe chasowa. Ndi mtima wakowo, uthenga wa maliro sitikanakuuza mpeni uli pafupi. Njinga ya Dalton yagwa pamtsetse m'mawa, akupita naye Pilira kusukulu. Hellen ali kuchipatala, akudikira thupi la mwanayo."

Kuseri kwa nyumba azimayi anayamba kulira. Linus anayang'ana pabalaza pomwe panatsala mbee, poti agonekepo bokosi, kenako anatembenukira mnyamata uja.

"Dalton, iwe wabwerako ndi dzanja lokha lomanga. Mwana wanga wamusiya kuti? Ndiyankhe!"