Khomo la Kangaude

Padangotero, Kangaude ndi Namzeze adapikisana kumanga nyumba, kuti wopambana azimangira mudzi wonse.

Namzeze ankamata dothi m'mawa wokha, masana n'kumakasewera kumtsinje. Kangaude mutu udaima. "Achimwene, mwagonja kodi? Mmisiri wanji wongoyendayenda?"

"Ndikudikira dothi liume," adatero Namzeze. "Inunso tapumulani, maso afiiratu."

Kangaude adangoseka. Adaluka osadya, osagona, mpaka chizungulire chidamugwira, koma osaleka. Tsiku loonetsa nyumba, nyama zidamupeza atadzitsekera m'kati mwa ulusi.

"Tilowere pati?" zidafunsa.

Adayang'ana uku, adayang'ana uko. "Khomotu ndidaliika. Kapena ndidangolota?"

Nyama zidapita kwa Namzeze. Mpaka lero Kangaude amangozungulira ulusi wake, kufunafuna khomo lomwe sadaluke.