Khoma la Nyenyezi

"Mukapanda kubwezeretsa khoma ili, nyumbayi sindigula," anatero munthu wofuna kugula nyumba, chala chili pachithunzi chakale cha nyumba ya a Pruitt ku Palm Springs. Pachithunzipo panali khoma la njerwa zobooka ngati nyenyezi, lotchinga dzuwa pakhonde.

Atangochoka, Lorraine Pruitt anatembenukira mwamuna wake, yemwe anali panjinga ya odwala.

"Wamvatu, Wendell? Khoma unagumula lija, uli, 'zachikale izi'! Nyumbayi ikapanda kugulidwa, chipatala chako tilipira ndi chiyani?"

Potsatira zofuna za wogulayo, chitseko Lorraine anali atachipaka kale penti wachikasu, kapinga atazula n'kuthirapo timiyala toyera. Zinangotsala njerwazo basi. Zoumba chatsopano wogulayo anazikana. Ankafuna zenizeni za nthawi imeneyo.

Lorraine anazungulira tauni yonse dzuwa likuswa mtengo, mpaka anafika kwa a Ybarra, ogulitsa zotsala za nyumba zogumulidwa. Kuseri kwa shedi yawo kunali mulu wa njerwa za nyenyezi zomwe zija. Koma mtengo wake unali wokwera zedi.

"Chonde bambo, tsitsaniko. Mwamuna wanga akudwala."

"Pepani mayi, izi n'zosowa. Sinditsitsa."

Lorraine anavula mphete yake yaukwati n'kuiika pathebulo.

M'mawa mwake a Ybarra anabweretsa njerwazo palole. Atatsika, anayang'ana nyumbayo, kenako anamuyang'anitsitsa Wendell, n'kuwomba m'manja.

"Aa, ndi inu a Pruitt? Mwandiiwala? Si paja njerwa zimenezi munachita kundilipira kuti ndikazitaye!"