Phewa la Amayi pa Chithunzi cha Eni Ake

Panali munthu wina wojambula zithunzi, anthu ankangomutchula kuti Mwetulirani. Akuti zimenezi zinachitikadi.

Mkuluyu mawu oti "ayi" ankamukakamira pakhosi. Foni ikangolira, iye chikwama cha kamera paphewa. "Achimwene, mwana wathu akumaliza sukulu, mukasowa tidandaula." Ulendo. "Alamu, ndawalonjeza kale anzanga akuntchito kuti mubwera." Ulendo. Ngakhale wogula njinga yatsopano ankamuitana, iye osakana, kuopa kuti anthu anganene kuti wayamba matama.

Amayi ake, omwe ankakhala nawo pakhomo pomwepo, anasoketsa diresi yobiriwira. Loweruka lina anaivala n'kukhala pampando pakhonde.

"Mwanawe, undijambuleko chimodzi chokha, adzukulu adzandidziwe."

"Amayi, inu ndi apakhomo. Ndikangobwerako."

Pobwerako anapeza amayi atavula kale diresi ija. Loweruka lotsatira, chimodzimodzi. Mkazi wake anamuchenjeza: "Bambo a ana, anthu amenewa wojambula wina amupeza. Nanga inu mayi wina mukamupeza kuti?" Iye anangoti nthawi ilipo yambiri.

Tsiku lina amayi anachita kumutsatira ku ukwati wina, ati mwina kumeneko mpata upezeka. Mpata wake uti? Anangowapatsa chikwama kuti amusungire.

Patapita miyezi, amayi anadwala masiku ochepa n'kumwalira. Maliro atatha, mlongo wake anati, "Achimwene, tipatseni chithunzi cha amayi, tikachikulitse tipachike pabalaza."

Mwetulirani anatsegula kompyuta mosakayika konse. Anasaka, anasaka. Nkhope za eni ake zokhazokha: akwati, makanda, mwini njinga uja mano onse pamtunda. Pomaliza anapeza chimodzi cha ku ukwati kuja. Cha m'mphepete, kumbuyo kwa alendo, kunatuluka phewa la diresi yobiriwira ndi dzanja litagwira chikwama chake. Nkhope inatsala kunja kwa chithunzi.

Bambo wamkulu analira ngati mwana. Chithunzi chimenecho ndi chimene chili pabalaza mpaka lero, ndipo adzukulu amafunsabe kuti dzanjalo ndi la ndani.

Phunziro: Wokuitana mofuula si ndiye wofunika kuposa onse. Anthu akunja ukawakanira amadandaula lero, mawa aiwala. Koma wapakhomo amene amakudikira mwakachetechete sadzadikira mpaka kalekale. Tumizani nkhaniyi kwa mnzanu uja amene sadziwa kukana, ndipo mukatero muwaimbire amayi anu lero lomwe.